MAWU A MLANGIZI: Mpweya wa M'mphuno ku Chipatala

Achikumbe anzanga, sabata ino tiyambe tasiya za kumunda. M'miyezi ya Juni ndi Julaye kukazizira, chibayo chimagwira ana ndi okalamba ambiri. Wodwala akafika ku chipatala akubanika, adokotala amamuika timapaipi m'mphuno. Ena a ife tikaona zotere timati basi munthu wapita, ndipo ena amachotsa timapaipito usiku mobisa. Kumeneko ndi kulakwa kwakukulu. Chimene chimapha ndi nthenda, makamaka tikachedwa nayo kunyumba.

Mpweya umene timapuma, pa magawo 100 alionse magawo 21 okha ndiwo okosijeni, amene magazi athu amafuna. Mapapo akadwala satenga wokwanira. Anamwino amapana kachida ku chala, ndipo nambala ikatsika pansi pa 90 amadziwa kuti munthuyu afunika kumuwonjezera.

M'zipatala zina zazikulu muli makina othira mpweya wambiri m'mphuno. Pa makinawa adokotala amatchera zinthu zitatu.

Choyamba ndi kuchuluka kwa okosijeni, kuyambira magawo 21 mpaka 100. Monga feteleza, okosijeni ali ndi muyeso wake. Wochepa sathandiza, wopitirira muyeso awononga.

Chachiwiri ndi liwiro. Timapaipi wamba timapereka malita ochepa, osapitirira 6 pa mphindi, pamene munthu wamkulu wobanika amakoka mpweya pa liwiro loposa malita 30. Wotsalawo amautenga m'chipinda, motero okosijeni amasukuluka ngati mkaka wothira madzi. Makina awa amafika malita 60 pa mphindi, choncho muyeso umene adokotala atchera ndi umene umafika m'mapapo. Kwa khanda amawerengera pafupifupi malita 2 pa kilogalamu iliyonse ya thupi lake.

Liwiroli ligwiranso ntchito zina ziwiri. Limatsuka mpweya wogwira kale ntchito wotsalira m'mphuno ndi kummero, monga madzi atsuka ngalande. Limakankhanso pang'ono m'kati kuti timatumba ta m'mapapo tisafwape. Kwa wamkulu wotseka pakamwa, malita 10 alionse amawonjezera mphamvu yokwanira kukweza madzi pafupifupi sentimita imodzi m'kapaipi. Akayasamula, mphamvuyo imachepa chifukwa mpweya umathawira pakamwa. Koma musamutseke pakamwa ndi dzanja, adokotala amazidziwa zimenezi. Musatsekenso mpata wotsala m'mphuno: timapaipi timadzaza theka lokha la mphuno dala, kuti mpweya uzituluka.

Chachitatu ndi kufunda. Mpweya wochuluka chotere ukanakhala wouma ndi wozizira, bwenzi ukuumitsa mphuno ndi makhololo. Nchifukwa chake umadzera pa madzi ofunda, nufika wachinyontho pa madigiri pafupifupi 37, monga thupi lenileni.

Tsono inu odikirira matenda, musatembenuze kanthu pa makina, ngakhale mukuona ngati mpweya wachuluka kapena phokoso lakula. Kapaipi kakachoka kapena madzi akatha m'botolo, itanani anamwino msanga. Ndipo kumudzi, mukaona mwana akupuma mofulumira, pansi pa nthiti pakulowa m'kati, kapena akukana kuyamwa, siyani khasu tsiku lomwelo mupite naye ku chipatala. Munda mudzaupeza.

Tsalani bwino mpaka sabata yamawa.

Ine wanu,
Mlangizi wa Zaulimi