Tisafufute Tisanayang'ane

Anzanga ophunzira, ndi inu aphunzitsi athu olemekezeka, ndiloleni ndinenepo za vuto la m'chipinda chathu cha makompyuta. Makina aja adzaza, ndipo zowadzaza si nzeru zatsopano ayi, koma zinthu zomwezomwezo zosungidwa kawiri, katatu, mwina kasanu. Wina atsitsa pa intaneti pepala la mayeso akale. M'mawa mwake mnzake atsitsanso lomwelo, ndipo kompyuta ingowonjezera (1) kapena (2) kumapeto kwa dzina. Chithunzi cha 3 MB chikasungidwa kanayi, ndiye kuti 9 MB zapita pachabe.

Mankhwala ake alipo, ndiponso ngaulere. Pali pulogalamu yotchedwa dupeGuru, ndi ina yotchedwa Czkawka, yochokera ku Poland, imene inatuluka mu 2020. Zonse ziwiri zimayenda pa Windows, Linux ndi macOS. Ntchito yake ndi kusaka mafayilo amapasa. Ine ndikuti tiziike ndithu m'makina athu. Koma tisanatero tidziwe bwino chimene zimatha ndi chimene sizitha.

Kachitidwe kake nkotere. Tikailamula kuti iyang'ane zam'kati, pulogalamu imayamba yaona kukula kwa fayilo iliyonse, pakuti mafayilo osiyana kukula sangakhale amodzi. Amene afanana kukula imawawerenga, nkupanga nambala yaitali yotchedwa hash, imene ili ngati chidindo cha chala. Zidindo zikagwirizana, mafayilowo ndi amapasa enieni, ngakhale wina atasintha dzina. Apa makina satopa, ndipo amatiposa kutali.

Tsono pali ntchito yachiwiri, yosaka zinthu zongofanana, zosakhala zimodzi. Pulogalamu imatha kuyerekeza maonekedwe a zithunzi, mayina a mafayilo, kapena mutu wa nyimbo ndi dzina la woimba. Apa ndiye pofunika maso a munthu. Taganizani zithunzi ziwiri za timu yathu ya mpira zojambulidwa motsatizana: kwa makina nzofanana, koma pa chimodzi wapagolo watsinzina. Taganizaninso chimangirizo chimene mnzathu analemba poyamba, ndi china chimene anakonza aphunzitsi atachichonga. Mayina ake angasiyane ndi chilembo chimodzi chokha. Kodi makina adziwa bwanji chimene chatenga thukuta la masabata awiri? Iwo anena kuti ziwirizi zafanana, basi. Chimene mwini wake akuchifuna sangachidziwe.

Ena mwa ife amati tingosiya, malo akatha tidzapempha makina atsopano. Maganizo awa ngaulesi, pakuti ndalama za sukulu zili ndi ntchito zina, ndipo kufunafuna pepala limodzi pakati pa mapasa asanu kumadya nthawi ya phunziro. Enanso amati tingosankha zonse zimene pulogalamu yapeza nkufufuta kamodzi. Awa ndiwo amandiopsa koposa. Akuluakulu anati fulumirani anadya gaga. Malo m'kompyuta amapezekanso, koma ntchito ya munthu ikafufutika mayeso ali pafupi, misozi siyingaibweze.

Nchifukwa chake ndikupempha kuti tigwirizane malamulo ochepa awa.

Loyamba, pulogalamu itengedwe pa tsamba la eni ake amene anaipanga, ndipo iikidwe aphunzitsi atavomera. Masamba ena amakometsera kunja ndi mabatani aakulu onyezimira, koma chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Lachiwiri, tisailoze ku foda ya Windows kapena ya Program Files. Mmenemo muli mafayilo ambiri ofanana amene makina amawafuna onse, ndipo kuchotsapo amodzi kungalemaze kompyuta yonse. Tisake m'mafoda a zolemba, zithunzi ndi zotsitsa pa intaneti mokha.

Lachitatu, mu dupeGuru muli njira yoikira foda chizindikiro cha Reference. Zili m'foda yotere pulogalamu imangoyerekeza nazo, siyizifufuta. Foda ya aphunzitsi ndi ya mapepala a mayeso zikhale zotere.

Lachinayi, zochotsedwa zipite kaye ku Recycle Bin, zigonemo sabata yathunthu, kuti wodandaula apeze pobwezera. Ndipo fayilo ya mnzako usaikhudze mwini wake palibe.

Lachisanu, tisasokoneze mapasa achabe ndi kope limene munthu wasunga dala pa fulashi. Mlimi wokhala ndi nkhokwe ziwiri si wowononga, akuopa moto. Kope lotere ndilo lidzatipulumutsa tsiku limene kompyuta idzakana kuyaka.

Potsiriza, tikumbuke kuti pulogalamu imangosesa, koma otaya zinyalalazo ndife. Tikamatcha mafayilo athu mayina omveka, monga phunziro, fomu ndi chaka, ndiponso tikamayamba taona ngati chinthu chilimo kale tisanachitsitse, tsache silidzakhala ndi ntchito yambiri. Aphunzitsi athu, tipatseniko Loweruka limodzi pa teremu kuti tisese pamodzi, fomu iliyonse m'foda yake, inu mukutiyang'anira. Makina awerenge, ife tisankhe.

Wophunzira wa Fomu 3