Semina yopanda alawansi

Ambiri mwa ophunzira digiri yachiwiri kuno kwathu ndi anthu apantchito. Wina ndi mphunzitsi wa kusekondale, wina ali ku Capital Hill, wina kubungwe. Amafika ku Chirunga kapena ku Bunda masiku owerengeka, n'kumeza maphunziro ngati mankhwala owawa, basi ulendo wobwerera. Mukawauza kuti kudipatimenti kuli semina, amayamba afunsa ngati ili ndi malikisi. Funso lachiwiri salitchula, koma tonse tikulidziwa: alawansi ilipo?

Kulibe zonsezo. Kuli munthu mmodzi kutsogolo ndi kafukufuku wosapsa, ndi anzake omupanikiza mafunso.

Mwambo wotere si wachilendo. Mu 1970, Chancellor College ikadali ku Chichiri isanasamukire ku Zomba, kudabadwa gulu la Writers Group. Sabata iliyonse aphunzitsi ndi ophunzira ankakhalira pamodzi kusenda ndakatulo za anzawo mzere ndi mzere. Jack Mapanje, Lupenga Mphande ndi Frank Chipasula adadutsa momwemo, nthawi ya Kamuzu, pomwe pakamwa pankatha kukugoneka kundende ya Mikuyu. Mapanje adakakhaladi kumeneko kuyambira 1987 mpaka 1991. Komabe anthu ankasonkhana, popanda wolandira ngakhale tambala.

Lero mantha aja adatha, koma masemina ambiri asanduka bwalo la milandu. Apulofesa akatsokomola, wophunzira amangoti, "Zikomo bwana, ndikakonza," ngakhale iye ndi amene adakhala kumudzi miyezi akucheza ndi alimi. Anzake duu, aliyense akuwerengera tsiku lake.

Nkhani yeniyeni imatuluka panja, pa tiyi ndi mandasi. Pamenepo ndi pomwe wa PhD amanong'oneza wongoyamba kumene kuti ndi supavaiza uti amasunga chaputala miyezi osachitsegula, komiti yoona zilolezo za kafukufuku imakonda kubweza chiyani, ndiponso kuti ku National Archives ukafike ndi kalata yotani. Zimenezi simungazipeze m'buku la malamulo a yunivesite. Pamenepanso munthu amazindikira kuti kusowa tulo chifukwa cha fizi ndi chaputala chachitatu si kwa iye yekha.

Chondidabwitsa n'chakuti ndalama zikavuta, tiyiyo ndi amene amayamba kudulidwa, pomwe msonkhano wa kunyanja ku Mangochi umachitika ndithu. Mtengo wa chipinda chimodzi kumeneko ungagule shuga ndi masamba a teremu yonse. Semina nayo aziyiika sabata imene apantchito aja ali pasukulu, madzulo, ndipo oyamba kufunsa azikhala ophunzira, apulofesa pambuyo.