Fumbi la Mumgodi Silituluka M'mapapo

M'midzi yathu ya ku Katete ndi Petauke muli madala amene anathera unyamata wawo m'migodi ya ku Mufulira ndi Kitwe. Lero ena a iwo amalephera kufika kudimba osapumira panjira, ndipo timangoti ndi ukalamba. Nthawi zina ndi fumbi.

Poboola mwala pamauluka fumbi losalala lochedwa silika. Likalowa m'mapapo limasiya zipsera zosapola, ndipo matendawa, silikosisi, angaonekere patapita zaka 10 kapena 20. Mankhwala ocizira palibe. Mapapo otere amagwidwanso msanga ndi TB. Tsono munthu akawonjezapo utsi wa fodya, amawononga ndi mbali yomwe inatsala yabwino.

Inu amene mukali pa nchito, kumgodi kapena kophwanya miyala, thirani madzi pamwala ndipo valani cophimba mphuno coyenera, cifukwa kansalu wamba sikatsekereza fumbili. Inu amene munapuma, pitani mukapimidwe. Ku Kitwe kuli Occupational Health and Safety Institute yoyeza mapapo a anthu a kumigodi. Cifuwa cikapitirira masabata 2, kayezetseni TB. Ndipo fodyayo, atate, musiyeni lero. Adzukulu akali kukufunani.