MBEDZA YA NTHENGA NDI KAMTSINJE KATHU

Anzanga a m'nyumba yogona akhala akundiseka chiyambire teremu yatha. Loweruka liri lonse masana, pamene iwo athamangira ku bwalo la mpira, ine nditenga kandodo koonda ngati bango ndi kutsikira ku kamtsinje kamene kali kuseri kwa munda wa sukulu. Pobwera madzulo andifunsa kuti, "Nanga ndiwo zija ziri kuti?" Ndikaonetsa matemba atatu, kapena manja okhaokha, onse angofa nalo phwete. Wina ananditcha dzina lakuti Mzungu wa Matemba, ndipo dzinalo landikanirira. Tsono popeza Akonzi andipatsa malo m'magazini ino, ndifuna kuyankha onse pamodzi. Ine nditi kuwedza ndi nyambo ya nthenga m'timitsinje tathu ta madzi ofunda si chibwana ai, ndipo kamtsinje kathu kafuna anthu ambiri odziwa luso limeneli.

Poyamba ndifotokoze m'mene kuwedza kumeneku kuliri, pakuti ambiri ondiseka sanakuonepo. Tonse tidziwa kuwedza kwa kwathu: munthu akumba nyongolotsi, aitunga ku mbedza, amangirira kachitsulo kuti chingwe chimire, ndipo akhala pansi kudikira. Woweza ndi nthenga alibe nyongolotsi ndiponso alibe kachitsulo. Iye atenga kambedza kakang'ono, nakulungapo ulusi ndi tinthenga ta tambala kufikira kataoneka ngati kachiwala, nyerere kapena ngumbi yogwera m'madzi. Nyambo yotere iribe kulemera konse. Mutaiponya ndi dzanja ingagwe pa mapazi panu pomwe. Chifukwa chake chimene chilemera ndi chingwe. Munthu akweza ndodo msanga kuti chingwe chitambasuke kumbuyo kwake, adikira pang'ono, ndipo achibweza kutsogolo. Chingwe chija chiuluka chitanyamula nyambo, niikaika pa madzi mwakachetechete monga m'mene kachilombo kagwera kuchokera pa tsamba.

Zingwe zimenezi ziri ndi manambala ake. Mu 1961 opanga zipangizo zowedzera a ku America anagwirizana kuti aziyesa kulemera kwa mapazi 30 oyamba a chingwe, ndiye kuti pafupi mamita 9. Chingwe cha nambala 5 chilemera magalamu 9 pa utali umenewo, pamene cha nambala 3 chilemera magalamu 6 ndi theka okha. Ndodo imene ndigwiritsa nchito ine ndi ya nambala 3, yotalika mapazi 7. Si yanga, anandibwereka ndi aphunzitsi athu a sayansi, amene anaigula kwa munthu wina itatha kale kugwira nchito zaka zambiri.

Mau oyamba amene anzanga anena ndi akuti, "Amenewo ndi masewera a Azungu ophera nsomba za ku mapiri." M'mau amenewa muli choona pang'ono. M'masiku a boma la Angerezi, Azungu anabweretsa nsomba yotchedwa trout naiika m'mitsinje yozizira ya pa phiri la Zomba, la Mulanje ndi ku Nyika, ndipo anali kuiwedza ndi nyambo za nthenga. Anasankha mapiri chifukwa nsomba imeneyi ivutika madzi akafunda kupitirira madigiri 20. Tinaphunzira m'kalasi kuti lita imodzi ya madzi a madigiri 10 isunga mamiligalamu 11 a mpweya wa okosijeni, koma madzi akafika madigiri 30 atsala ndi 7 ndi theka. Kotero trout singakhale kuno ku chigwa.

Koma kodi nsomba zathu za madzi ofunda sizidya tizilombo? Pitani pa dziwe liri pansi pa mkuyu nthawi ya kumadzulo, mukhale chete, ndipo mudzaona timizere tozungulira pa madzi pamene matemba alikutola tizilombo togwa m'masamba. Sanjika ayang'ananso kumwamba pofuna chakudya, ndipo mbale wake wamkulu, mpasa, amene akwera mtsinje wa Bua kukaikira mazira, ndi nsomba yothamanga ndi yamphamvu yosachepera trout. Nsomba siifunsa mtundu wa munthu amene anamanga nyambo. Ndiponso luso limeneli siliri la Angerezi okha. Mroma wina dzina lake Aelian, amene anakhala ndi moyo cha m'ma 200, analemba za anthu a ku Macedonia omwe anali kukulunga ubweya wofiira pa mbedza ndi kumangapo nthenga ziwiri za tambala. Ngati anthu a kumudzi a nthawi imeneyo anatha kutero, nanga ife tiperewera chiani? Atambala tiri nawo.

Ngakhale ku America kumene, kumene kunachokera ndodo ndigwiritsa nchitoyi, si onse amene akhala pafupi ndi mapiri. Ambiri awedza m'timitsinje tofunda todutsa m'minda, m'mene mulibe trout, ndipo apha kansomba kotchedwa bluegill, kaukulu ngati chikhatho cha munthu, ndi ina yotchedwa smallmouth bass. Kwa nsomba zotere ambiri akonda ndodo yopepuka ya fiberglass. Imeneyi ipangidwa ndi ulusi wa galasi woonda kwambiri, womatidwa pamodzi ndi ulimbo wolimba. Ndodo zotere zinayamba kugulitsidwa itatha Nkhondo Yachiwiri. Kampani ya Shakespeare inatulutsa yake mu 1947. Mu 1973 kampani ya Fenwick inatulutsa ndodo za graphite, zimene ziri zopepuka ndi zouma koposa, ndipo anthu ambiri anathamangira zimenezo. Koma fiberglass sinafe ai, ndipo ine ndaona chifukwa chake ndi manja anga.

Kamtsinje kathu nkopapatiza, ndipo mitengo ndi mabango zatchinga mbali zonse. Palibe malo oponyera chingwe kutali. Ndodo youma ifuna chingwe chachitali kuti ipindike ndi kuponya bwino, koma ya fiberglass ipindika ngakhale ndi kachingwe ka mamita 4, ndipo ipindika pang'onopang'ono, kotero kuti wophunzira amva m'dzanja mwake nthawi yoyenera kubweza chingwe. Ikagunda pa nthambi siifulumira kuthyoka. Nsomba ikagwira, ndodo ija iwerama kufikira pafupi ndi dzanja, niiteteza kansinga koonda ka kumapeto kuti kangaduke. Ndipo ndinene zoona: kansomba kotalika ngati chala chapakati, kamene pa mtengo wa nsungwi wokhuthala simungakamve nkomwe, pa ndodo iyi kagwedeza mkono wonse.

Komabe sindinalembe nkhani iyi chifukwa cha kukoma kwa masewera okha. Mwezi wa Okotobala, madzi atachepa, ndinafika pa dziwe la pa mkuyu lija ndi kupeza madzi atayera ndi mimba za nsomba. Anthu ena anali atathira katupe usiku. Anatola zazikulu napita, koma tating'ono, tosakwana ndi chikhadabo chomwe, anatisiya tikuyandama m'mabango pamodzi ndi ambululu ndi ana a tombolombo. Ndinakhala pa mwala nthawi yaitali osaponya chingwe. Masabata asanu otsatira sindinaone mzere ndi umodzi womwe pa madzi amenewo. Ndipo chondimvetsa manyazi ndi ichi, kuti ena mwa ife ophunzira, amene tilandira maukonde otetezera udzudzu, tawaonapo akukokedwa m'madzi ndi abale athu kumudzi pa tchuthi, ndipo sitinanene kanthu. Lamulo losamalira nsomba la 1997 linaletsa kupha nsomba ndi mankhwala, koma lamulo liribe maso pa kamtsinje kakang'ono ngati kathu. Maso ake ndi ife.

Apa ndi pamene pagona nkhani yanga. Munthu wothira katupe safunika kudziwa kanthu za mtsinje. Apha zonse nthawi imodzi, zodyedwa ndi zosadyedwa, za lero ndi za chaka chamawa. Koma woweza ndi nthenga sangaphe kanthu akapanda kuphunzira. Ayenera kutembenuza miyala kuti aone tizilombo tiri pansi pake, ayenera kudziwa kumene madzi athamanga ndi kumene apuma, ayenera kuyenda chowerama kuti mthunzi wake usagwe pa dziwe. Akulu anati kuona maso a nkhono nkudekha. Munthu amene wadekha chotero pa mtsinje miyezi itatu audziwa monga adziwa bwalo la kwao, ndipo sangaonerere wina akuuononga. Ndiponso iye agwira nsomba imodzi imodzi, naiyang'ana iri yamoyo. Ikakhala yaing'ono kapena ya mazira, anyowetsa manja, aichotsa mbedza ndi kuibweza. Aphunzitsi anandionetsa kuphwanya kamnga ka mbedza ndi pulayala kuti izituluka yosang'amba kamwa. Katupe alibe njira yobwezera nsomba m'madzi.

Mau achiwiri a anzanga ndi olemera koposa oyamba aja, ndipo sindifuna kuwazemba. Mnzanga wina wa ku nyanja anandiuza kuti, "Achimwene, inu museweretsa ndiwo chifukwa belu la ku chipinda chodyera likudikirani. Amai a ana asanu ndi mmodzi sangadyetse banja ndi nsomba imodzi imodzi." Ananena zoona. Sindinena kuti asodzi a ku Nkhotakota kapena ku Chilwa ataye maukonde ao ololedwa ndi kutenga nthenga. Kumeneko kungakhale kupusa. Ndinena za ife amene tiri pa sukulu, amene tadya kale nsima ndi nyemba, ndipo mawa tidzakhala aphunzitsi, alangizi ndi akuluakulu a m'midzi. Amai aja ndiwo ayamba kuvutika dziwe likafa. Wina ayenera kudziwa za moyo wa mtsinje kuti akalankhule pa bwalo la amfumu, ndipo sangalankhule zimene anangowerenga m'buku.

Za mtengo wa ndodo ndivomeranso kuti palibe mmodzi wa ife angaigule ndi ndalama za sopo. Koma ku mapiri a ku Japan kuli kuwedza kwa makolo kotchedwa tenkara, kumene kufuna ndodo, chingwe ndi nyambo ya nthenga basi, popanda chokulungira chingwe, ndipo ndodo zao zakale zinali za nsungwi. Ine ndinayesa ndi nsungwi yoonda youma bwino ndi chingwe chopota, ndipo ndinagwira matemba awiri. Siikoma ngati fiberglass, koma igwira nchito.

Chifukwa chake ndipempha a Hedimasitala kuti atilole kuyambitsa kabungwe ka oweza pa sukulu pano, monga alipo a zisudzo ndi a mtsutso. Malamulo ake akhale ochepa: mbedza imodzi munthu mmodzi, nsomba zazing'ono zibwerere m'madzi, ndipo tsiku liri lonse tilembe m'kope kufunda kwa madzi, tizilombo timene taona ndi nsomba zimene tagwira. Pakutha pa chaka tidzatenge kope limenelo ndi kukaonetsa amfumu a mudzi woyandikana nafe, kuti tikambirane nawo za katupe mwaulemu.

Kwa inu anzanga ondiseka, dzina lija ndalilandira, sindikwiya nalo. Koma Loweruka likudzali, mpira ukatha, tsikirani ku mkuyu. Mvula yoyamba yagwa, ngumbi zayamba kutuluka, ndipo dzulo ndinaona timizere tiwiri pa dziwe lija kwa nthawi yoyamba chithirire katupe. Ndodo ndi imodzi, koma tidzalandizana. Amene ali ndi tambala kwao abweretse nthenga za m'khosi.

Wophunzira wa Fomu 3