Kutsuka pikiapu si matama pa msewu wa ku Usisya

Galimoto imene yatsika mapiri kuchokera ku Mzuzu imadziwika ikangofika ku Usisya. M'chilimwe imabwera itavala fumbi lofiira mpaka pagalasi. M'dzinja matope amakhala atamata m'madigadi ndi kunsi konse ngati khoma lozira. Anthu amatsika, matumba a feteleza ndi simenti amatsitsidwa, ndipo m'bandakucha madengu a usipa ndi matumba a makaka amakwera. Dalaivala amayamba wayang'ana oyilo, madzi, matayala ndi mabuleki, poti msewu wa Mzuzu-Bula-Usisya sukhululukira wonyozera zimenezi. Mzuzu ali pamtunda wa mamita oposa 1,200 pomwe nyanja ili pansi pa mamita 500, ndipo kusiyana konseku galimoto imakutsika ndi kukukwera itasenza. Koma penti ndi bodi ambiri saziwerengera. Maganizo ofala ndi akuti pikiapu ya matola ndi yantchito, ndiye kuitsuka ndi kuipaka polishi ndi matama a mabwana a m'tauni.

Maganizo amenewa akuwonongetsa anthu chuma. Pa msewu ngati uwu, mwini pikiapu ndiye ayenera kusamala penti kuposa bwana amene galimoto yake imagona m'galaja ku Lilongwe.

Penti ya galimoto ndi yopyapyala modabwitsa. Kufakitale amayamba ndi mankhwala oteteza chitsulo, kenaka penti yapansi, kenaka ya mtundu, ndipo pa galimoto zambiri amamaliza ndi yoonekera ngati galasi imene imawalitsa. Zonsezi pamodzi zimangopitirira pang'ono milimita 0.1, kuchindikala kwa pepala limodzi la m'kope. Kachikopa kameneka ndiko kamaletsa madzi ndi mpweya kukhudza chitsulo. Mwala ukangokatema, kapena mchenga ukakapala, dzimbiri limapeza khomo. Likalowa silikhala pamalo amodzi: limayenda kunsi kwa penti, n'kuitukumula ngati matuza a moto, mpaka tsiku lina chala chimaboola pamene padali chitsulo.

Ena amadzitonthoza kuti madzi a nyanja ya Malawi alibe mchere ngati a ku Beira kapena ku Durban, choncho dzimbiri si nkhani. N'zoona kuti nyanjayi ndi ya madzi opanda mchere, koma boma la Nkhata Bay lili m'gulu la madera amene mvula imagwa yambiri m'dziko muno, ndipo mpweya wa m'mbali mwa nyanja umakhala wachinyontho. Thope lomata kunsi kwa galimoto limasunga chinyontho chimenecho masiku ambiri mvula itakata. Kunja galimoto imaoneka youma pomwe m'ngodya za chasisi muli chinyezi usana ndi usiku.

Katundu weniweni wa ku Usisya ndiye amaonjezera moto. Feteleza wotayika m'thumba lobooka amakoka chinyontho ndipo amadya chitsulo msanga kuposa madzi wamba. Madzi otuluka m'nsomba zaziwisi, kaya batala kaya utaka, amatsikira m'mipata ya kumbuyo n'kukhazikika pansi pa mabauti. Chinangwa choviika, chimene chimasanduka kondowole, chimadontha madzi owawasa. Simenti ikanyowa imauma papenti, ndipo woichotsa ndi mpeni amachotsa ndi penti yomwe. Palinso zitosi za mbalame, utomoni wa mitengo ya mango imene madalaivala amakonda kuimika pansi pake, ndi tizilombo ta nkhungu timene mphepo imatiuluza kuchokera panyanja. Zinthu zimenezi zikapsa ndi dzuwa pabonati zimasiya chipsera chimene sopo sangachotse.

Anthu a ku Usisya safunika kuphunzitsidwa ndi mlendo za kusamala chitsulo pamadzi, chifukwa chitsanzo chimawayendera pakhomo. Sitima ya Ilala idapangidwa ndi kampani ya Yarrow ku Glasgow mu 1949, idabwera zidutswazidutswa kudzera ku Mozambique, ndipo idayamba kuyenda panyanja mu 1951. Ikaima patali ndi gombe la Usisya, maboti ake ang'onoang'ono n'kumatuta anthu ndi katundu, anthu amaona chitsulo chimene chakhala m'madzi zaka zoposa 70. Chafika pamenepa chifukwa nthawi ndi nthawi chimapalidwa dzimbiri ndi kupakidwanso penti ku Monkey Bay. Msodzi nayenso sadikira boti lake la matabwa kuti limire. Amalikokera kumtunda, kumata mipata ndi kulipenta. Palibe amene amamunena kuti akudzionetsera.

Nanga bwanji pikiapu, imene imanyamula mayi wodwala kupita naye ku Mzuzu usiku sitima kulibe, isiyidwe kuti iwole?

Vuto lina ndi lakuti ngakhale amene amatsuka, ambiri amatsuka mowononga. Mnyamata amatenga chiguduli chouma n'kupukuta fumbi, osadziwa kuti mchenga ndi wolimba kuposa penti, ndipo kupukuta koteroko n'chimodzimodzi kukhula ndi sandipepa. Wina amaviika nsanza imodzi m'ndowa imodzi kuyambira kumatayala mpaka padenga, mchenga wa kumatayala n'kukalemba mizere pazitseko. Sopo waufa wochapira zovala ndi sopo wotsukira mbale adapangidwa kuti asungunule mafuta, motero amachotsa phula lonse loteteza penti n'kuisiya yambuu. Ndiye pali kutsukira padzuwa la masana, pamene madzi ndi thovu zimaumira pachitsulo chotentha n'kusiya mawanga.

Katsukidwe koyenera sikalira makina. Galimoto iime pamthunzi, chitsulo chitazizira, makamaka m'mawa kapena madzulo. Iyambe yathiridwa madzi ambiri kuti fumbi ndi thope zitsike zokha dzanja lisanakhudze penti. Ndowa zikhale ziwiri: ina ya sopo wotsukira galimoto, ina ya madzi oyera otsukuluzira nsalu isanabwerere m'thovu. Kutsuka kuyambire padenga kutsikira m'munsi, ndipo matayala akhale omaliza, ndi nsanza yawoyawo. Kenaka galimoto ipukutidwe ndi nsalu yofewa isanaume yokha. Ntchito yofunika kwambiri ndi ija yosaoneka: kugwada n'kukolowola thope m'madigadi, pamwamba pa masipuling'i ndi m'ngodya za chasisi, ndiponso kutsegula ndi kawaya timabowo totulutsira madzi tili kunsi kwa zitseko, timene tikatsekeka chitseko chimayamba kuwola kuchokera m'kati.

Polishi ndiye anthu amamumva molakwika. Pali mankhwala ena okhula, amene amachotsa kachigawo ka penti kuti mikwingwirima isaoneke. Amenewa ndi ogwiritsa ntchito mwa apo ndi apo, chifukwa penti yochotsedwa sibwerera. Pali phula loteteza, limene silichotsa kanthu koma limayala kansalu kopyapyala pamwamba kuti madzi, dzuwa ndi zitosi ziyambe kulimbana ndi ilo zisanafike papenti. Phula lodziwika kwambiri ndi la carnauba, lochokera kumasamba a mtengo wamtundu wa mgwalangwa umene umamera kumpoto chakummawa kwa Brazil. Limasungunuka pa madigiri oposa 80, n'chifukwa chake limapirira pabonati yotentha. Lipakidwe pang'ono pokha, chigawo chimodzi pa nthawi, pa galimoto yoyera ndi youma, ndipo likachita mbuu lipukutidwe ndi nsalu ina. M'dera lotentha ndi lamvula chonchi silikhala kupitirira miyezi iwiri kapena itatu. Kudziwa kuti latha n'kosavuta: madzi akathiridwa pabonati n'kumapanga timadontho tozungulira, phula lilipo, akangoyala ngati pambale, nthawi yopakanso yakwana. Mwezi wa Okutobala, mvula isanayambe, ndiwo wosayenera kuuphonya.

Kumbuyo konyamulira katundu phula silingathandize, poti migolo ndi makasu zimalichotsa tsiku lomwelo. Kumeneko kumafunika mphira woyala pansi kapena matabwa, ndi lona pansi pa feteleza ndi nsomba. Koma mphirayo izichotsedwa kawirikawiri kuti pansi patsukidwe ndi kuuma, apo ayi imasanduka chobisira dzimbiri. Pamene mwala watema penti mpaka chitsulo kuonekera, papalidwe pang'ono ndi kudonthezedwa penti sabata yomweyo. Bala laling'ono ngati njere ya mapira limatha kufuna wowotcherera pakatha dzinja limodzi kapena awiri.

Wina anganene kuti zonsezi ndi ndalama, ndipo sopo wa galimoto ndi phula zimagulidwa ku Mzuzu pomwe mafuta okha akusowetsa tulo. Dandaulo limeneli ndi lomveka. Koma kwacha idatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, n'kutsitsidwanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo galimoto, penti ndi zipangizo zonse zimachokera kunja. Toyota Hilux kapena Land Cruiser imene munthu ali nayo lero, mwina yogulidwa ndi thukuta la zaka zambiri ku Joni, si yapafupi kuisintha. Injini ya galimoto zimenezi imatha kukonzedwa kangapo, koma chasisi chodyeka ndi dzimbiri chimathyoka, ndipo pa zitunda za ku Usisya kuthyoka kumeneko kumachitika anthu ali kumbuyo. Botolo limodzi la phula limakwanira kupaka kangapo, ndipo mtengo wake sungafanane ndi wa kuwotcherera ndi kupenta chitseko chimodzi.

Pali chizolowezi chimodzi chimene chiyenera kutheratu: kulowetsa galimoto m'nyanja kapena mumtsinje kuti itsukidwire momwemo. Gombe lomwelo ndi pamene amayi amatunga madzi, kutsuka mbale ndi kuviika chinangwa, ana amasambira pomwepo, ndipo tiana ta nsomba timakulira m'madzi osaya omwewo. Oyilo, dizilo ndi girizi zochoka kunsi kwa galimoto zimayandama n'kubwerera m'ndowa za anthu. Galimotoyonso sipindula, chifukwa madzi a m'mphepete amakhala ndi mchenga, ndipo amalowa m'mabuleki ndi m'mabering'i. Chimodzimodzi kupopera oyilo wakutha kunsi kwa galimoto poti ateteze dzimbiri: amafewetsa mphira, amakola fumbi, ndipo mvula ikagwa amatsikira kunyanja komweko.

Apa mafumu a m'dera la Mfumu Yaikulu M'bwana ndi makomiti a m'madooko angathe kuchitapo kanthu popanda kudikira boma. Angapatule malo amodzi kumtunda, kutali ndi gombe, othira miyala ndi okumba dzenje lomwera madzi akuda, kuti aliyense wotsuka galimoto kapena njinga yamoto azitsukira pamenepo. Achinyamata awiri kapena atatu ataphunzira katsukidwe koyenera, atakhala ndi ndowa, nsalu zofewa ndi botolo la phula, angapeze ganyu yokhazikika madzulo aliwonse galimoto zikatsika kuchokera ku Mzuzu. Eni mapikiapu nawo angagwirizane kuti mmodzi akapita kutauni azigulira anzake sopo ndi phula, ndi kuti galimoto imene yanyamula feteleza kapena nsomba zaziwisi isagone isanathiridwe madzi kumbuyo.