Kodi Nyenyezi Zimadyedwa? Funso la Sisitere wa ku Kabwe



M'chaka cha 1970, chisanathe n'chaka chomwe kuchokera pamene Neil Armstrong ndi Buzz Aldrin anaponda pa mwezi pa 20 Julayi 1969, Sisitere Mary Jucunda, amene ankatumikira ana ovutika ndi njala ku Kabwe m'dziko la Zambia, analemba kalata yopita ku America. Kalatayo inali ya Dr. Ernst Stuhlinger, mmodzi mwa akuluakulu a zasayansi pa Marshall Space Flight Center, nthambi ya bungwe la NASA imene ili mumzinda wa Huntsville. Asisiterewo anafunsa chinthu chimodzi chokha: zingatheke bwanji kuti munthu azilingalira zothira ndalama zankhaninkhani pa ulendo wa ku pulaneti la Mars pamene ana ambirimbiri pansi pano akufa ndi njala?

Papita zaka zoposa 50, koma funsoli silinakalambe. Limamvekabe m'makomo mwathu, kungoti m'mawu ena. Mnyamata akamachedwa kulowa m'nyumba usiku chifukwa maso ali kumwamba, kapena mtsikana wa fomu 3 akanena kuti akufuna kudzaphunzira za nyenyezi, yankho silichedwa: "Kodi nyenyezizo udzadya?" Wonena mawuwa kawirikawiri ndi kholo limene lagulitsa mbuzi kuti lipeze fizi, ndipo kulinyoza kungakhale kupanda ulemu. Komabe maganizo anga ndi akuti kuzimitsa chidwi cha mwana wotere m'dzina la umphawi n'kumulanda chinthu chimodzi chimene umphawiwo unali usanamulande.

Stuhlinger anayankha Asisiterewo pa 6 Meyi 1970, ndipo anayankha mwaulemu. Anawasimbira nkhani ya munthu wina wolemera wa ku Germany wa zaka mazana anayi zapitazo, amene ankathandiza kwambiri osauka m'nthawi ya mliri, komanso ankasunga pakhomo pake mmisiri wina amene ntchito yake inali kupala magalasi ndi kuonerapo tizilombo ting'onoting'ono. Anthu a m'mudzimo anakwiya poona ndalama zikupita ku zimene iwo ankati ndi masewera, koma ntchito ya amisiri ngati ameneyu ndi imene inabala maikulosikopu, chida chimene chathandiza madokotala kuzindikira tizilombo toyambitsa matenda. Anaonjezera kuti ntchito za m'mlengalenga chaka chimenecho zinkatenga pafupifupi 1.6 peresenti ya ndalama zonse za boma la America, ndi kuti masetilaiti adzathandiza alimi podziwitsa za nyengo ndi za mbewu m'minda. M'kalatamo anaikamo chithunzi cha dziko lathu monga likuonekera kuchokera ku mwezi, chimene anajambula a m'chombo cha Apollo 8 pa Khirisimasi ya 1968.

Mbali ina ya yankholi yapherezera, ndipo ife tinadzionera tokha. Namondwe wa Freddy anayambira kufupi ndi Australia kumayambiriro kwa Febuluwale 2023, nadutsa nyanja yonse ya Indian, mtunda woposa makilomita 8,000. Anakhala masiku 36, kuposa namondwe wina aliyense wa mtundu wake amene analembedwapo. Masiku onsewo masetilaiti ankamuona ndi kumutsata, kotero kuti a zanyengo anachenjeza iye asanafike ku Madagascar, ku Mozambique ndi kwathu kuno. Luso limeneli linayamba ndi kasetilaiti kotchedwa TIROS-1, kamene NASA inatumiza pa 1 Epulo 1960, nthawi imene ambiri akanati kameneko n'kosadyetsa munthu.

Koma namondwe yemweyo akutikumbutsanso kuti Asisitere aja sanafunse mopusa. Ngakhale diso la kumwamba linaona zonse, mu Malichi 2023 matope ndi miyala zinatsika phiri la Soche n'kukwirira nyumba ku Chilobwe, midzi inakokoloka ku Mulanje ndi ku Phalombe, ndipo anthu oposa 1,000 m'Malawi anamwalira kapena kusowa. Chenjezo silipulumutsa munthu amene alibe kothawira. Tisaiwalenso kuti roketi sinabadwe yoyera. Stuhlinger mwiniyo, asanapite ku America, anagwira ntchito pamodzi ndi Wernher von Braun pa roketi za V-2, zimene boma la Hitler linkaponya pa London ndi Antwerp, ndipo zinkapangidwa ndi akaidi amene zikwizikwi anafera pa ntchito ya kalavula gaga. Mpaka lero ndalama zambiri za m'mlengalenga zimapita ku zankhondo ndi ku mpikisano wa kutchuka pakati pa mayiko. Choncho funso la ku Kabwe liyenera kufunsidwabe kwa maboma ndi kwa anthu olemera, chaka ndi chaka, mopanda mantha.

Vuto limabwera pamene funso loyenera boma talitembenuzira kwa mwana. Mwana woyang'ana kumwamba sadyera munthu aliyense ndalama. Ndiponso palibe amene anayamba kukonda nyenyezi chifukwa choganizira za masetilaiti a zanyengo. Tikati sayansi ya zakuthambo ndi yabwino chifukwa cha phindu lake lokha, ndiye kuti tavomera kuti chilichonse chosalowa m'nkhokwe n'chachabe, ndipo ndi muyeso umenewo nyimbo, gule, ndakatulo ndi maluwa a pa guwa zonse zigwa.

Pa mfundo imeneyi moyo wa Bulazala Guy Consolmagno uli ndi phunziro. Iwo anabadwira ku Detroit m'chaka cha 1952. Anali ndi zaka zisanu pamene dziko la Soviet Union linatumiza Sputnik mu Okutobala 1957, ndipo anali ndi zaka 16 pamene anthu anaponda pa mwezi. Chidwi cha paubwanacho chinawafikitsa ku sukulu yotchuka ya MIT, kenako ku University of Arizona kumene anatenga digiri ya udokotala wa sayansi ya mapulaneti mu 1978. Atafika zaka 30, funso lomwe lija la Asisitere linawagwira mumtima: ndikutayiranji moyo pofufuza za miyezi ya Jupiter pamene anthu akugona ndi njala? Atasowa yankho, anasiya ntchito, ndipo mu 1983 analowa m'gulu la anthu ongodzipereka la Peace Corps, limene linawatumiza ku Kenya.

Kumeneko anapatsidwa ntchito yophunzitsa sayansi ku Nairobi. Kumapeto kwa sabata ankapita kumidzi kukachezera anzawo, atanyamula katelesikopu kawo kakang'ono. Iwo akhala akusimba kambirimbiri kuti madzulo anthu a m'mudzi ankabwera, ana ndi akulu omwe, kudikirana kuti aone zigwa za pa mwezi, miyezi ya Jupiter ndi mikombero ya Saturn, ndipo ankadabwa ndi kusangalala chimodzimodzi ndi abale awo a ku Michigan. Apa m'pamene anazindikira kuti kudabwa ndi zolengedwa ndi njala ya munthu aliyense, ndi kuti kuganiza kuti wosauka alibe njala imeneyi n'kumuchepetsa umunthu. Anabwerera ku sayansi yawo, nalowa chipani cha Ajezuiti mu 1989. Kuyambira 1993 akhala akugwira ntchito ku Vatican Observatory, malo ofufuzira zakuthambo a Mpingo, kumene anasamalira miyala yogwa kuchokera kumwamba, ndipo anatsogolera malowa kuyambira 2015 mpaka 2025.

Zimene Bulazalayo anakaphunzira ku Kenya makolo athu ankazidziwa kalekale. Iwo anaona zilala ndi dzombe kuposa ife, komabe anapeza nthawi yotcha nyenyezi mayina. Yowala ya m'bandakucha anaitcha Nthanda, imene lero tikudziwa kuti ndi pulaneti la Venus. Mpita woyera wodutsa pakati pa thambo anautcha Mlalang'amba. Kagulu kothithikana kaja anakatcha Nsangwe, kamene Aswahili amati Kilimia ndipo Azulu amati isiLimela, mayina ochokera ku mawu akuti kulima, chifukwa kaonekedwe kake kankauza anthu nthawi yogwira khasu. Pamenepo phindu lilipo. Nanga Akamwiniatsatana, nyenyezi zondondozana zija? Dzina limenelo anatcha ndi munthu wanthabwala, amene anayang'ana kumwamba n'kuonako akamwini a m'mudzi mwake akutsatana pa njira. Munthu ameneyo mwina anagona ndi njala usiku umenewo, koma thambo linali lake.

Mpingo wathu nawonso uli ndi mbiri pa nkhaniyi, yokoma ndi yowawa yomwe. Kalendala imene tikugwiritsa ntchito inakhazikitsidwa ndi Papa Gregory XIII mu 1582, mothandizidwa ndi akatswiri a zakuthambo monga wansembe Christopher Clavius, pofuna kukonza tsiku la Pasaka, ndipo chaka chimenecho tsiku lotsatira 4 Okutobala linali 15 Okutobala. Wansembe wa ku Belgium, Bambo Georges Lemaître, mu 1927 anaonetsa ndi masamu kuti chilengedwe chonse chikufutukuka, ndipo maganizo awo ndi amene anabala chiphunzitso cha sayansi chotchedwa Big Bang. Koma Mpingo womwewo mu 1633 unaweruza Galileo Galilei chifukwa chophunzitsa kuti dziko limazungulira dzuwa, ndipo panapita zaka 359 kuti Papa Yohane Paulo Wachiwiri, mu 1992, avomereze poyera kuti oweruzawo analakwa. Akuluakulu akatseka pakamwa munthu wofunsa, chilonda chake chimachedwa kupola. Zimenezi zimachitika ku Roma, zimachitikanso pa khonde la kwathu.

Wina anena kuti zonsezi n'zabwino, koma mwana wa kuno akaphunzira za nyenyezi akagwira ntchito kuti? Nkhawa imeneyi ndi yoona, pakuti ntchito zotere n'zochepa ngakhale m'mayiko olemera. Komabe Afirika wa lero si wa 1970. M'chipululu cha Karoo ku South Africa muli MeerKAT, telesikopu ya madishi 64 yomvera mafunde a wailesi ochokera kuthambo, imene inatsegulidwa mu 2018, ndipo Zambia ndi Mozambique ali m'gulu la mayiko a mu Afirika ogwirizana nawo pa ntchito yaikulu ya Square Kilometre Array. Zimbabwe inatumiza setilaiti yake yoyamba, ZimSat-1, mu 2022. Ndiponso njira yopita ku nyenyezi imadzera m'masamu, mu fizikisi ndi m'makompyuta. Mwana amene wapirira masamu chifukwa chofuna kumvetsa chimene chimachititsa kadamsana, ngakhale asadzafike pa telesikopu yaikulu, adzakhala injiniya, mphunzitsi kapena katswiri wa zanyengo, ndipo dziko lathu likuwasowa anthu oterewa. Chidwi ndi chimene chimamusunga pa desiki pamene anzake atopa.

Pali chinthu chinanso chimene sitichiwerengera. Kafukufuku wa padziko lonse amene anatuluka mu 2016 anapeza kuti munthu mmodzi mwa atatu alionse sathanso kuona Mlalang'amba kumene amakhala, chifukwa cha kuwala kwa magetsi a m'mizinda, ndipo ku North America ndi anthu pafupifupi 80 mwa 100 alionse. Sindikutamanda kusowa kwa magetsi m'midzi yathu, chifukwa mwana wowerengera koloboyi ndi mayi wochirira mumdima akufunika magetsi lero lomwe. Ndikungonena kuti usiku wopanda mitambo wa mwezi wa Juni, mwana wa ku Ntchisi kapena ku Chadiza amaona kwaulere zimene mnzake wa ku London amalipira ulendo kuti akaone. Akayang'ana chakummwera aona nyenyezi zinayi zooneka ngati mtanda, ndipo pambali pake pali ziwiri zowala. Yowala kwambiri mwa ziwirizo ndi Alpha Centauri, ndipo kuwala kwake kumayenda zaka zoposa zinayi kuti kufike m'maso mwathu, pamene kwa dzuwa kumatenga mphindi zisanu ndi zitatu zokha. Mwana akamva zimenezi koyamba amakhala kaye chete, ndipo ena mwa ana otere kudabwa kumeneko sikuwachoka mpaka ukalamba.

Tsono pempho langa likupita kwa ife achinyamata, chifukwa ndife tili pakati pa makolo ndi ang'ono athu. M'mera mpoyamba. Mng'ono wanu akafunsa chifukwa chimene mwezi umachepera ndi kukula, musamuseke, ndipo ngati yankho simukulidziwa kalifufuzeni limodzi. Amene muli ndi foni kapena kompyuta, pali pulogalamu yaulere yotchedwa Stellarium imene imaonetsa dzina la nyenyezi iliyonse ya pamwamba pa mudzi wanu. Magalasi wamba oonera patali, a maso awiri aja, mukawatsamiritsa bwino pa mpanda ndi okwanira kuonetsa miyezi inayi ya Jupiter imene Galileo anaiona mu 1610. Gulu lathu limatha kukonza mpira, kwaya ndi maulendo, choncho silingalephere kukonza madzulo amodzi pa bwalo la parishi, mwezi ukakhala kulibe, n'kuitana mphunzitsi wa sayansi pamodzi ndi agogo amene akukumbukirabe mayina a nyenyezi m'chinenero chathu. Ndipo m'mawa mwake tikapite kukathandiza okalamba ndi odwala m'miphakati yathu monga mwa nthawi zonse, pakuti ntchito ya Sisitere Jucunda sinathe ndipo ikudikira manja athu.