Fakitale ikasiya kuunjika katundu, kachewere wa ku Tsangano asunga ndani?

Pa msika wa Lizulu, m'mphepete mwa msewu wa M1, nyengo yokolola pamakhala milu ya kachewere, kabichi ndi tomato yodikira ogula, ndipo ina imawolera pomwepo. Alimi athu m'boma la Ntcheu amayamba alima, msika n'kufunafuna pambuyo. Mafakitale ambiri nawonso amatero: amapanga katundu wochuluka, kumuunjika mosungira, n'kumayembekeza kuti wogula abwera.

M'zaka za m'ma 1950, a Taiichi Ohno a kampani ya Toyota ku Japan adatembenuza dongosolo limeneli. Adalamula kuti gawo lililonse la fakitale lizipanga chinthu pokhapokha gawo lotsatira litatumiza kakhadi kotchedwa kanban, kosonyeza kuti zomwe linali nazo zatha. Motero wogula ndiye amakoka ntchito yonse, kuyambira kumapeto kubwerera kuchiyambi. Ndalama sizigona m'katundu wosagulidwa, ndipo cholakwika chimaoneka tsiku lomwelo poti palibe mulu woti chibisalemo.

Ife tikuona kuti fakitale yokazinga tchipisi ta m'mapaketi, monga ya Universal Industries ku Blantyre, ingapindule ndi njirayi. Koma walira mvula walira matope. Kachewere satuluka pa makina. Amatha miyezi itatu kapena inayi m'munda. Fakitale ikamaitanitsa matumba ochepa a sabata imeneyo basi, mlimi osauzidwa kanthu pasadakhale, muluwo sunathe ayi. Wangochoka ku fakitale n'kukakhala m'nyumba ya mlimi wa ku Tsangano, amene alibe chipinda chozizira, ndipo akaona mbatata yayamba kumera amagulitsa pa mtengo wolira kwa vendala aliyense wofika ndi lole.

Choncho kakhadi kaja kayenera kufika kwa mlimi asanabzale. Kwa ife kumeneko ndi kunena pangano lolembedwa pakati pa fakitale ndi gulu la alimi, lotchula mtundu wa mbewu, matumba angati, sabata iti ndiponso mtengo wake. Pamenepo alimi angabzale mosiyanitsa masabata, ena kumunda ena kudimba, kuti kachewere azikhwima pang'onopang'ono chaka chonse m'malo mosefukira mwezi umodzi.

Pa zipangizo zochokera kunja nkhani njosiyana. Zambiri zimadzera ku madoko a Beira ndi Nacala, ndipo zimalira ndalama zakunja zomwe zakhala zikusowa. M'mwezi wa Malichi 2023 namondwe Freddy adadula misewu m'chigawo cha kummwera, ndipo mu Novembala chaka chomwecho kwacha idachepetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti. Fakitale yopanda chosunga pa nthawi yotere imazimitsa makina, antchito n'kubwerera kunyumba chimanjamanja. Ngakhale Toyota yomweyo, chivomerezi cha mu 2011 chitasokoneza ntchito zake, idapempha makampani oyipangira tizipangizo ta kompyuta ta m'galimoto kuti azisunga tokwanira miyezi ingapo.